Chishalo cha Apongozi

Munthu akabwera ndi njinga pamsasa wanga pamsika wa Petauke, kaya yaphulika chubu kaya yaduka tcheni, sindiyamba ndi chimene wabwerera. Ndimamuuza kuti akwere kaye, ine nditagwira handulo, aike chidendene pa pedulo yomwe ili pansi. Mwendo ukawongoka bwinobwino matako osapendekeka, ndiye kuti chishalo chili pamalo pake. Koma akamachita kutambasula chala ngati akuyesa madzi osamba, ndimatenga sipanala n'kutsitsa, osamufunsa. Ena amakwiya, amati mdala uyu ndi wamakani. Makani ndili nawo ndithu, ndipo ndikudziwa kumene ndinawatola. Ndinawatola pamsewu wa ku Nyimba, zaka zija za Chitaganya, ndili mkamwini wa zaka zitatu.

Dzina langa ndine Yotamu Daka, ndipo Mulungu anandimana msinkhu. Ndinakwatira Esinala, mwana wa a Mumba, m'mudzi wina kumpoto kwa boma la Petauke, n'kukakhala kwawo monga mwambo unkanenera. Ntchito ya mkamwini ndi khasu ndi nkhwangwa. Ine luso ndinali nalo m'manja, ndinaphunzira kusoka ku Walale, kumizinda ya azungu ya kumwera kumene tinkapita kukagwira ntchito, koma makina ndinalibe, choncho zala zanga zinkathera m'munda wa mtedza wa apongozi aakazi. Mayi amenewo sindinkawayang'ana kumaso. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'tchire minga ikundibaya. Pampando wa apongozi aamuna sindinkakhalapo, thumba lawo sindinkalikhudza, ndipo mawu anga onse ankayenda ulendo wautali: ine kuuza Esinala, Esinala kuuza amayi ake, amayi akewo kuuza amuna awo. Yankho linkabwerera njira yomweyo. Anthu ankautcha ulemu, ndipo inenso ndinkautcha choncho, chifukwa ndinali ndisanaone chimene ungamulande munthu.

Tsiku lina Lachinayi, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinalandira kalata yochokera kwa msuweni wanga Wedisoni, yemwe ankagulitsa m'sitolo ya mmwenye wina ku Nyimba. Telala wa pakhonde la sitoloyo anali atapita kumigodi, makina atangokhala. Mwini sitolo ankanyamuka kupita ku Lusaka Loweruka masana, ndipo ankafuna kusiya munthu pamakinawo asanapite. Wedisoni analemba kuti wandinenera kale, koma ndifike dzuwa la Loweruka lisanafike pamutu, chifukwa panali winanso amene ankazungulirazungulira khondelo. Kalatayo inali itagona sabata yathunthu m'thumba la munthu amene anaitenga kuboma, mpaka inkanunkha fodya.

Ndinaiwerenga katatu. Ntchito yolandira pamwezi ndiyo ikanandipatsa pakamwa popempha chitengwa, kutenga Esinala ndi kamwana kathu Malita kukakhala m'nyumba yathuyathu, kumene ndikanatsokomola osayamba ndayang'ana kuti akundimva ndani. Basi yochokera ku Fort Jameson, komwe lero timati Chipata, inali itadutsa kale, ina inkayembekezeka Lolemba. Poyenda pansi sindikanafika nthawi ilipo. Njinga m'mudzi monsemo inali imodzi, ya apongozi anga a Mumba, yakuda, yaikulu, yogula ndi thukuta la kumigodi. Eni akewo anali munthu wamtali woti polowa m'nyumba yake yomwe ankachita kuwerama.

"Awisi Malita, mufuna nikapemphe njinga ya atata?" anatero Esinala, akundiitana monga ankandiitanira, ndi dzina la mwana wathu. "Njinga ija sabweleka munthu. Ngakhale a mfumu anabwelela chabe."

"Kauzeni amama," ndinatero. "Mukati nikupempha mogwada."

Mawu anapita njira yake ija, n'kubwerera dzuwa litapendeka. Esinala anangoti, "Avomela. Amama akuti muisamale." Ndinafunsa ngati panali mawu ena. Anati amenewo ndi onse amene anapatsidwa.

Tambala woyamba atalira ndinaipeza itatsamira nkhokwe, yopukutidwa mpaka masipoko. Pampu inali pamalo pake. Kunsi kwa chishalo kunkalendewera kachikwama kachikopa komanga ndi lamba, ndipo pa nati yogwira chishalo pankanyezimira mafuta atsopano. Ndinati mumtima, akuluwa njinga yawo amaikonda kuposa anthu. Kenako ndinachita chinthu chimene ndinkachiyesa nzeru. Poti mkamwini sakhala pokhala apongozi, ndinatenga saka, n'kuipinda kanayi, n'kuimangirira pachishalo ndi luzi kuti buluku langa lisakhudze chikopa chawo. Chishalo chomwe chinali kale kumwamba ndinachikwezanso ndi manja angawa.

Zovala nazo ndinasankha ngati wopita kuukwati. Ndinavala buluku lalitali la kaki lokhuthala, la msoko wokakala pakati pa miyendo, ndi nsapato zothina zimene ndinabwera nazo ku Walale, kuti mmwenye akandione kuti ndine munthu. Bulangete, malaya oyera, sizasi, tepi yoyezera, mtedza wokazinga ndi kabotolo kamodzi ka madzi ndinazikulunga pamodzi n'kupachika pahandulo. Kukwera ndinachita kukwerera pachulu. Esinala anaseka atagwira pakamwa, kenako anasiya kuseka ataona mmene ndinkapendekera uku ndi uku kuti chala chifike papedulo.

Kukafika kuboma ndinali ndikudzitama kuti zikuyenda. Mphepo inali yozizirira, msewu wa mchenga wolimba. Koma pafupi ndi maofesi kapaso, mesenjala wa boma, anandiimitsa ndi ndodo. Masiku amenewo njinga inkayenda ndi kachitsulo ka msonkho, munthu ankayenda ndi chitupa. Anayang'ana kachitsuloko, anayang'ana chitupa changa, kenako anayang'ana miyendo yanga ndi kutalika kwa njinga.

"Iyi njinga ni yako?"

"Ni ya apongozi anga, bambo, a Mumba."

"Onse akawalala ali na apongozi. Khala apo, akalaliki akabwela azaona m'buku."

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi mayi wogulitsa nkhuku ndi mkulu wina amene galu wake analibe msonkho. Akalaliki anabwera dzuwa litakwera, n'kuyamba ndi tiyi. Atamaliza tiyi anayamba kusongola pensulo. Ine ndinkangoona mthunzi wa mango ukufupika, ndikudziwa kuti maola ozizira, omwe ndi chuma cha wapanjinga, akundithera ndili chikhalire. Potsiriza anatsegula buku, anapeza dzina la a Mumba, n'kundikwezera dzanja kuti ndizipita osandiyang'ana. Palibe anapepesa, ndipo ine ndi amene ndinathokoza, chipewa chili m'manja.

Msewu waukulu wa ku Lusaka nthawi imeneyo sunali wa phula. Unali wa miyala ndi fumbi lofiira, wokhala ndi timizere topingasa ngati lata la padenga. Njinga ikalowa pa timizereto mano ankagundana. Mtolo wa pahandulo unkakokera tayala lakutsogolo kumene ukufuna, ndipo lole ikamabwera ndinkayenera kupatuka. Apa ndiye panali tsoka, chifukwa kuima kunkatanthauza kugwa, ndipo kukweranso kunkafuna chulu kapena chitsa. Pali malo ena pamene ndinakankha njinga mtunda wathunthu kufunafuna pokwerera. Saka ija inayamba kutentha. Msoko wa buluku unayamba ntchito yake, kupala uku ndikapendekera kumanja, kupala uko ndikapendekera kumanzere, ndipo kuseri kwa mawondo kunkakoka ngati chingwe cha uta.

Ndi mmene anandipezera a Sakala. Ndinamva belu kumbuyo, kenako kuseka. Anali bambo wachikulire, wowonda, wovala kabudula ndi nkhwaira za tayala, pakaliyala atamanga dengu lalikulu lopanda kanthu. Anati amapita ku Luangwa kukagula nsomba zouma, ndipo msewu umenewo anali ataupalasa kwa zaka zambiri.

"Mwana wanga, nakuonelani patali," anatero akuyenda pambali panga. "Nenze niganiza kuti ni munthu ovina. Imani pa mtengo apo, nikugwilileni."

Anandigwirira njinga ndikutsika. Anaizungulira akupukusa mutu, ngati sing'anga amene waitanidwa mochedwa. Anamasula mtolo wanga pahandulo n'kuumanga pakaliyala, wolemera pansi, ndi mphira wa chubu chakale. Anati katundu wa paulendo amakhala kumbuyo ndiponso pansi, manja ndi owongolera, si onyamulira. Anakweza kabotolo kanga ka madzi n'kufunsa ngati ndikupita kukabatiza mwana. Iwo anali ndi chikho chachikulu chokulunga m'saka yonyowa, madzi ake ozizira ngati a m'mtsuko. Anandiuza kuti ndivule nsapato zothinazo, ndipinde buluku, ndipo ndizimwa ludzu lisanandigwire. Zonsezo ndinamvera. Kenako anatulutsa sipanala m'thumba n'kugwira chishalo.

"Lomba tichotse saka iyi, titsitse mpando zala zinayi olo zisanu. Muzafika ku Nyimba lelo lomwe."

Ndinagwira dzanja lawo. "Iyayi, bambo. Ni mpando wa apongozi."

"Apongozi ali pano?"

"Sali pano, koma anaika okha pamene paja. Nikatsitsa, chitsulo chizakandika, azaona. Azati mkamwini nam'bweleka njinga, iye wayamba kuikonza monga ni yake."

"Mukabwelela muzakweza."

"Nikalakwitsa pang'ono chabe, matako awo azaziwa."

A Sakala anawerama, anapaka chala pa nati ija n'kuchinunkhiza. "Apa athilapo mafuta mailo m'madzulo. Munthu sathila mafuta pa nati imene safuna kuti imasulidwe. Nanga m'kachikwama umu muli chani?"

Ndinawauza kuti sindikudziwa, ndipo sindingatsegule. Thumba la apongozi mkamwini sapisamo dzanja. Mwina munali fodya wawo, mwina mankhwala awo a paulendo, zinthu zoti maso anga asaone. A Sakala anabweza sipanala m'thumba.

"Ine nili na akamwini awili," anatero. "Akanakhala na ulemu monga wanu, sembe nikondwa. Koma miyendo ni yanu, a Daka. Tiyeni."

Tinayenda limodzi, iwo akudziletsa kuti asandisiye. Ankandigwirira njinga pokwera ndi potsika, ngati mkwatibwi. Ankandionetsa kanjira kosalala ka m'mphepete mwa msewu komwe apanjinga anzathu anapondaponda, n'kundiphunzitsa kuti pachitunda munthu usalimbane nacho, tsika ukankhe, mphamvu uzisungira kutsogolo. Galimoto ya mzungu wina inatidutsa osachepetsa liwiro, mwala n'kundimenya pachipumi, fumbi n'kutikwirira. A Sakala analavula dothi n'kunena kuti Chitaganya chadutsa, tipatseni moni. Ndinayesa kuseka koma sizinatheke, chifukwa pamenepo n'kuti khungu la pakati pa miyendo litayamba kusupuka.

Dzuwa lili pamutu tinabisala pansi pa mlatho wa kamtsinje kouma. A Sakala anati wopalasa masana a Okutobala ndi wamisala kapena wothawa mlandu. Tinadya mtedza wanga ndi chinangwa chawo. Ine mtima sunali pachakudya. Ndinkawerenga mitunda yotsala ndi kuona Esinala atakhala pakhomo la nyumba ya ku Nyimba imene ndinali nditaimanga kale m'mutu mwanga, ya zitseko ziwiri, yopanda apongozi kuseri.

Titangonyamukanso, pafupi ndi mphambano yopita ku Minga, tayala lakumbuyo linaphwa. Munga wa mthethe. A Sakala anakhala pansi osadandaula, anatulutsa chubu ndi zogwirira za supuni ziwiri, anapeza bowo pomvetsera ndi tsaya, anapala ndi mwala, anapaka solushoni n'kudikira kuti iume kaye asanamate chigamba. Anati ambiri amalakwa pothamangira kumata ikadali yonyowa. Anayendetsanso chala mkati mwa tayala mpaka anautulutsa mungawo, apo ayi ukanabayanso. Anthu ochokera kuchipatala cha mishoni ankadutsa n'kumatiyang'ana, mayi wina n'kufunsa ngati wodwala ndine, poona mmene ndinaimira miyendo ili tang'a.

Atamaliza anayang'ana dzuwa, kenako anandiyang'ana ine. Anali ndi ulendo wawo, asodzi sadikira munthu.

"Nifunse komaliza," anatero, sipanala ili m'manja.

Ndikanangogwedeza mutu. Palibe akanandiona, msewu unali zii. Koma ndinaona nkhope ya apongozi aakazi, imene ndinali ndisanaiyang'anepo bwinobwino, ikuuza mudzi wonse kuti mkamwini uja ndi wamwano, ndiye mwana wathu apite naye kutali? Ndinaganiza kuti ndikatsitsa chishalo ndipeza ntchito koma nditaya chitengwa. Ndinati iyayi. A Sakala anakwera njinga yawo, analiza belu kamodzi, ndipo sindinawaonenso moyo wanga wonse.

Tsiku limenelo ndinalekezera pamudzi wina kungopitirira Minga pang'ono, kumene anandipatsa mphasa ndi madzi otentha amchere. Munthu wa miyendo yabwino akanakhala atafika kale ku Nyimba, atasamba, akucheza ndi Wedisoni.

Loweruka m'mamawa mawondo anali atatupa. Buluku linali litamatirira pazilonda, ndinachita kulinyowetsa kuti lichoke. Komabe ndinawerengera kuti ndikalimba mtima ndifika nthawi ilipo. Ndinakwerera pamtondo wa mayi wa pamudzipo. Kukhala pasaka paja kunali ngati kukhala pa mbaula, choncho ndinkapalasa choimirira, kukhala pang'ono, kuimiriranso. Misozi inkatuluka yokha, ine osalira.

Mitunda ingapo kutsogolo tayala lomwe lija linaphwanso. Pampu ndinali nayo, koma chigamba ndinalibe, solushoni ndinalibe. Ndinakhala m'mphepete mwa msewu n'kumayang'ana kachikwama kachikopa kaja. Ndinakagwira. Munkamveka tinthu tolimba. Lamba wake anali womanga mfundo yachilendo, ya kumigodi, yomwe sindikanatha kuibwezera mmene inalili. Ndinakasiya. Ndinazula udzu wouma n'kuupakira m'tayala mpaka linalimba, monga ndinaonera anthu ena akuchita. Njinga ya udzu imayenda, koma imalemera ngati ukukoka ngolo, ndipo udzuwo ukaphwanyika umayenera kutsika n'kuikamo wina. Ndinatsika katatu, ndipo katatu konse ndinafunafuna chulu.

Kenako kunabwera lole yonyamula migolo ndi matumba, ikulowera komwe ndinkapita. Ndinaimika ndi manja awiri. Dalaivala anati ine ndilipira mashereni awiri, njinganso awiri, ndipo ndinavomera msangamsanga. Koma wothandiza wake atainyamula njinga kuti aiponye pamwamba pa migolo, zitsulo zili ng'anang'ana, ndinakuwa.

"Osaponya! Izakandika penti!"

"Ni njinga olo ni mkazi?" anatero dalaivala. "Tilibe nthawi ise. Ukwela olo sukwela?"

Ndinapempha kuti tiyale kaye matumba, tiimange bwino ndi chingwe. Anaitsitsa, n'kuliza injini. Ndinaima pakati pa msewu ndi njinga ya eni yosakandika, ndikuona ntchito yanga ikupita m'fumbi. Mwa zopusa zonse za ulendo umenewo, ichi ndi chimene chimandidzutsabe mtima ndikachikumbuka.

Chotsiriza chinali chipata cha kashembe, ntchentche zija zopha ng'ombe. Aliyense wodutsa ankaima kuti amuone ngati wanyamula kashembe pamsana kapena pakatundu. Panali magalimoto awiri a azungu, ndipo lamulo losalembedwa linali loti magalimoto ayambe, ife a njinga ndi apansi tidikire padzuwa. Mlonda wa pachipatapo, atatha kupopera magalimoto, anabwera ndi kaukonde kake, anandizungulira, anasuzumira pansi pa saka, anandimasulitsa mtolo wonse. Sanapeze ngakhale ntchentche imodzi. Mthunzi wanga unali utalowa kale pansi pa mapazi.

Ndinalowa m'Nyimba ndikukankha njinga, dzuwa litapendeka. Nthochi zake zotchuka zija sindinazione n'komwe. Chimene ndinamva ndisanafike pasitolo ndi kulira kwa makina osokera, kulira kosalala kwa makina othiridwa mafuta bwino. Pakhonde panali mnyamata wonenepa, tepi ili m'khosi, akusoka diresi la buluu. Msoko wake ndinauona ndili patali kuti ukupita mokhota.

Wedisoni anatuluka m'sitolo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Yotamu, wenze kuti? Nam'chondelela bwana mpaka wakwela lole. Anayang'ana nkoloko kawili, nati mbale wanga ali panjila. Anati munthu amene achedwa tsiku loyamba azachedwa masiku onse." Anaona njinga. "Na njinga yabwino tele, wagona panjila?"

Ndinafunsa kuti lole yanyamuka liti. Anati sipanathe ola. Inali yonyamula migolo ndi matumba, inaima pasitolopo kutenga mwini sitolo uja.

Ndinagona kwa Wedisoni masiku atatu zilonda zikuuma. Anandipezera chigamba, tinakonza tayala, ndinapukuta njinga yonse mpaka masipoko. Ulendo wobwerera sindiufotokoza, unali womwewo koma wopanda chothamangira. Pafupi ndi mudzi ndinamasula saka ija n'kuitaya m'tchire. Ndinatsamiritsa njinga pankhokwe pomwe ndinaipeza, ndipo poona apongozi akutuluka m'nyumba ndinazemba n'kukaima kuseri kwa nkhokweyo, monga mkamwini wolongosoka.

Ndinkawaona pampata wa nsungwi. A Mumba anaizungulira njinga yawo, anagwira matayala, analiza belu. Kenako anaima. Anayeza chishalo ndi chiuno chawo. Anawerama n'kuyang'ana mfundo ya pakachikwama. Anaimasula pang'onopang'ono, n'kukhuthulira zam'katimo padzanja: zigamba zodulidwa kale bwinobwino, kachitini ka solushoni, ndi sipanala yaing'ono yokulunga m'kansalu.

"Anyina Esinala!" anaitana akazi awo.

Apongozi aakazi anali pamphasa chapafupi, akusenda mtedza wa mbewu. "Wawa."

"Sininakuuzeni kuti muuze mwana? Kuti awisi Malita ni afupi, atsitse mpando, sipanala ili m'chikwama pamodzi na zigamba? Nati nathila na mafuta kuti isawavute. Munthu wayenda mpaka ku Nyimba pa mpando uwu?"

Mtedza unapitiriza kulira m'manja mwawo, thwa, thwa. Sanadzutse mutu.

"Ninaiwala," anatero. Anataya makoko pambali. "Koma wabwela bwino. Mvula ili pafupi, munda uja ukalibe kusosa."

Esinala anali pakhomo la nyumba yathu, Malita ali kumsana. Anayang'ana amayi ake, kenako anayang'ana kunkhokwe kumene ankadziwa kuti ndaima, n'kulowa m'nyumba atagwira nsalu pakamwa. A Mumba anakhala chiimire, sipanala ili padzanja. Sakanandiitana, sakanandipepesa, mwambo womwe uja unawatseka pakamwa iwonso. Mkwiyo umene ndinamva kuseri kwa nkhokwe ija sindinaumvepo chiyambire, ndipo sunali wa kwa mayiwo okha. Iwo anangosunga mawu. Amene anakana a Sakala kawiri, amene anagwira kachikwama n'kukasiya, amene anatsitsa njinga palole, ndinali ine.

M'mawa mwake ndinapeza sipanala ija pakhomo panga, yokulungidwabe m'kansalu kake. Palibe ananena kuti waiika ndani. Ndinaiika m'thumba, ndinatenga khasu, n'kupita kukasosa munda wa mtedza ndikuyenda tang'atang'a. Ndinaulima munda umenewo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Pamene ndinkachoka pamudzipo zala zinali zitauma, ulusi sunkalowanso pasingano.

Sipanalayo ndi imene ndimatsitsira zishalo za anthu pamsika pano. Wina akandiuza kuti musagwire mpando, njinga ndi yobwereka, ndimamufunsa ngati eni akewo anamuuza okha ndi pakamwa pawo. Akayamba kuti ayi, koma ulemu, nati imakhala itamasuka kale.